Kachitini ka Ndowe za Njovu

Amayi anga anali ndi kachitini ka tiyi, kofiira koma kosupuka penti, kamene ankakasunga pamwamba pa khoma, kunsi kwa denga, pomwe mwana sangafikire ngakhale atakwera pamtondo. Ine ndinayesapo kukwera ndipo ndinakwapulidwa. M'kachitinimo munalibe tiyi. Munali chibuma cha ndowe zouma za njovu, chokulungidwa m'kansanza.

Sekani ngati mukufuna, ifenso tinkaseka tili atsikana. Koma ntchito yake inali yaikulu. M'banja mwathu mwana akabadwa, mchombo n'kugwa, tsiku lotuluka m'chikuta amayi ankapala makala n'kuika paphale. Akatero ankabenthula kachidutswa ka ndowezo, kukula kwake ngati nyemba, n'kuponya pamakalapo. Utsi wake unkanunkha ngati udzu wonyowa ukamapsa. Mwanayo ankamudutsitsa pautsipo, uku ndi uku, akunong'ona mawu ena amene sindinkawamva bwino. Ankati mwana wofukizidwa sakomoka, sadzidzimuka kutulo, ndipo sachedwa kuyenda. Ine ndinafukizidwa, azichemwali anga anafukizidwa, ana anga onsenso chimodzimodzi.

Kwathu ndi m'mphepete mwa dambo lalikulu la Shire, kumtunda kwa boma la Nsanje. Kusukulu ankatiuza kuti pamapu dambo limeneli analipatsa dzina la njovu, chifukwa kale zinkadzaza mmenemo. Abambo anapalasa bwato m'mabango amenewo moyo wawo wonse. Mvuu inawagubuduzapo, ng'ona inawalandapo ukonde, koma njovu sanaionepo ndi tsiku limodzi lomwe. Amayinso sanaionepo. Tinkaidziwa ndi fungo basi.

Ndowezo ankabwera nazo ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene anakwatira ku Mozambiki. Pakapita zaka zingapo ankatulukira panjinga kudzera pamalire a ku Marka, atamangirira kamtolo kumbuyo. Ankati kuseri kwa mapiri a kwawoko njovu zinkadutsa m'minda ngati ng'ombe za munthu. Ndiye kwawoko kunabwera nkhondo. Ulendo umenewo atsibweni sanabwere panjinga. Anafika wapansi, mapazi atatupa, akazi awo ali pambuyo ndi mphika pamutu, ndipo mumphikamo munali chibuma chachikulu kuposa zonse zimene anabweretsapo. Anatiuza kuti asilikali, a mbali iyi ndi a mbali inayo, ankadya njovu ndiwo, minyanga n'kumasinthanitsa ndi mfuti.

Nkhondo itatha anabwerera kwawo. Atabweranso kudzationa, amayi anayamba ndi kuyang'ana kumbuyo kwa njinga asanawapatse n'komwe moni.

"Nkhabe, mlongo," anatero atsibweni m'chiyankhulo chakwathu, kutanthauza kuti njovu kulibe. "Thengo lilipo, koma nzou nkhabe. Ndayenda mpaka nsapato kutha."

Sanakhalitse, anamwalira komweko ku Mozambiki. Kuyambira pamenepo amayi anachepetsa dzanja. Kachidutswa kaja kanachoka pa nyemba n'kufika pa njere ya mapira.

Ndiyenera kunena chifukwa chake amayi sankamva za munthu pankhani imeneyi. Mwa ana awo onse, mmodzi yekha ndiye sanafukizidwe. Anali wamwamuna, wonditsatira ine. Nthawi imeneyo abambo anali atangosankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo analamula kuti zachikunja zithe pakhomo pawo. Amayi anamvera. Mwanayo atayamba kukwawa anatentha thupi, anakomoka, ndipo anamwalira ali kumsana kwa amayi panjira yopita kuchipatala. Ine lero ndikudziwa kuti anali malungo. Ndinawauzapo amayi kangapo, nthawi zina mokalipa, poti ine pakamwa sindichedwa. Ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe sunam'bereke." Abambo sanatchulenso za chikunja mpaka kulowa m'manda.

Ine ndinakula n'kuyamba geni ya nsomba. Ndimagula milamba ndi makakana padooko, kuwamba, n'kukwera nazo minibasi kukagulitsa ku Nchalo ndi ku Chikwawa. Mwana wanga wamkazi woyamba anakwatiwa kwa Maseya, ku Chikwawa komweko, ndi mnyamata wogwira ntchito m'minda ya nzimbe, moti ndikapita kumsika ndinkagona kwa iye. Chaka chimene anatenga pakati pake poyamba ndi chaka chimene madzi anatilowera m'nyumba.

Madziwo anafika kutacha, tikuwaona. Poyamba tinkati athera pabwalo monga zaka zina, koma pofika nthawi yoti ana apite kusukulu anali m'chiuno. Amayi anakana kutuluka mpaka atatsitsa kachitini kawo. Anakamangirira m'chitenje pamimba, ndipo tinawakokera pachulu pomwe tinakhala mpaka bwato litatipeza. Mbuzi zinapita, mapira anapita, khoma linagwa tikuona. Amayi sanalire. Anadzalira titafika kusukulu komwe anatisonkhanitsa, atatsegula kachitini kaja. Madzi anali atalowa. Munali phala lakuda losakanikirana ndi matope a Shire, ndipo atayesa kuliyanika pakapepala, mvula ya tsiku lotsatira inamaliza zotsalazo.

Anthu ankalira nyumba, ena ankalira abale amene sanapezeke. Ine ndinachita manyazi kuona mayi anga akulira ndowe pakati pa anthu otere, ndipo ndinawauza kuti atonthole. Anati, "Mdzukulu wanga ali ndi pakati. Mwanayo atulukira pa chiyani?" Kuyambira tsiku limenelo chakudya ankangochitola ngati nkhuku yodwala. Ndinaona kuti ndikapanda kuchitapo kanthu, amayi atisiya mwanayo asanabadwe.

Ndinayambira kumsika. Pali bambo wina amene amayala mizu, zikopa ndi timabotolo pafupi ndi pokwerera minibasi. Nditamufunsa sanachedwe n'komwe, anapisa m'thumba n'kutulutsa chibuma. Analumbira kuti chachokera kutali kwambiri, ku Zambezi. Ndinafika nacho kunyumba ndikuyenda monyada. Amayi anachinyenya pang'ono, ananunkhiza, n'kundibwezera.

"Iyi ndi mvuu," anatero. "Mwinanso ndi yomwe ija imatidyera mpunga kudimba. Wagula manyi a mnansi wako."

Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chichokereni madzi aja. Ine sindinaseke. Bamboyo ndinakamutukwana mpaka anthu anasiya kukwera minibasi n'kumationerera.

Kenako ndinaganiza za nkhalango yotetezedwa ya ku Chikwawa. Aliyense amadziwa kuti mmenemo njovu zinatheratu kalekale ndi mfuti, ndipo zimene zilimo lero anachita kubwera nazo pamalole n'kuzitchingira ndi mpanda wamagetsi. Amati zikuswana bwino. Tsiku lina nditagulitsa nsomba ndinakwera njinga ya kabaza mpaka kufupi ndi mpandawo, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwake ndi kachitini ka amayi m'dzanja. Sindinayende nthawi yaitali. Mkati mwa mpanda, pafupi moti ndodo yaitali ikanafika, panali milu ya ndowe zatsopano, zonyezimira, ntchentche zili ng'waa. Mwini wake sanaoneke, koma mitengo inali yothyokathyoka. Ndinayamba kufunafuna nsungwi.

Ndi mmene anandipezera msilikali wa zanyama, bambo wamtali wa imvi za apo ndi apo. Anandifunsa mwaulemu chimene ndinkafuna, ndipo ndinamufotokozera zonse, za amayi, za madzi, za mwana.

"Pepani mayi," anatero. "Muno simutuluka kanthu. Ngakhale nkhuni."

"Ndapempha mnyanga ine? Ndapempha nyama? Ndikupempha zimene mwini wake wataya yekha!"

"Ndakumvani. Koma ndikalola inu ndi kachitini, mawa kubwera wina ndi thumba, ndipo pansi pa thumbalo pali waya wotchera. Ine ndakumanapo ndi njovu yoduka chitamba ndi waya, ikumwa madzi chogwada. Mukanaiona simukanandikalipira."

Ndinamukalipirabe. Ndinamuuza kuti azungu obwera ndi makamera amaziona njovu mpaka kutopa nazo, pamene ife obadwira m'dambo la njovu tikukanizidwa ndi manyi omwe. Anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo potsanzikana anati ndikawapatse moni amayi. Zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa munthu waulemu ndi wovuta kumuda.

Mimba ya mwana wanga inali itakula ndithu pamene zinachitika zimene ndikufuna kunena. Ndinali kwa Maseya, ndikumanga dengu kuti ndipite kumsika, dzuwa litangokwera pang'ono. Tinamva phokoso kuchokera kumadimba, anthu akumenya zitini, agalu akuuwa. Mayi wina anadutsa akuthamanga, chitenje chili m'manja, akukuwa kuti njovu, njovu. Ndinasiya nsomba pabwalo. Kachitini kanali m'chikwama changa, poti masiku amenewo sindinkakasiya.

Panjira yopita kumadimba ndinadumpha milu iwiri kapena itatu ya ndowe, ikadali yofunda. Ndinaiona bwinobwino. Koma anthu anali akukankhana pambuyo panga, ndipo mumtima ndinati zapansi zadetsedwa kale ndi fumbi, ndiyambe ndaona mwini wake.

Njovuyo inali itaima pakati pa chimanga cha bambo wina wokalamba. Dimba lonse linali litagona pansi, ndipo mwini wake anakhala pamzere atagwira kumutu. Chimanga chimenecho ndi chomwe anabzala madzi ataphwa, chakudya chake chokhacho chaka chimenecho. Anthu ankatukwana njovuyo, ndipo sindikuwaimba mlandu. Ena ankati yathyola mpanda, ena ankati yachokera ku Mozambiki, palibe ankadziwa.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti njovu ndi chinthu chonenepa ngati mvuu. Iyi inali yaitali koma yowonda, khungu likulendewera ngati malaya obwereka. Mwendo wakutsogolo unali wotupa koopsa, ndipo pamwamba pa phazi panali waya wokhuthala wolowa m'mnofu mpaka osaoneka mbali ina. Fungo la bala linkafika pomwe tinaima. Sinkathamangitsa munthu. Inkangopukusa makutu, n'kumatola dothi ndi chitamba kuthira pabalapo. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere, ndipo ndinalakalaka amayi akanakhala pambali panga kuti aione.

Asilikali a zanyama anafika pagalimoto n'kutibweza m'mbuyo. Pakati pawo panali bambo wamtali uja. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anaimba mafoni, anadikira munthu wina amene anabwera n'kuyang'ananso mwendowo ndi magalasi oonera patali. Kenako tinaona akupukusa mitu. Mfuti inalira. Njovu inagwada kaye, n'kugwera chammbali, ndipo nthaka inanjenjemera m'mapazi mwathu.

Asilikaliwo anayamba achotsa minyanga. Inali yaing'ono, yosafika ndi mkono wanga womwe. Ataiika m'galimoto analola anthu kuti atenge nyama. Zimene zinachitika pamenepo sindinazionepo ngakhale pogawa ufa kumisasa ya madzi osefukira. Zikwanje, nkhwangwa, mabeseni, azibambo kukwera pamsana, azimayi kukokerana chidutswa chimodzi. Anthu anali ndi njala, ndipo ena mwa iwo anali asanalawe nyama chaka chonse.

Atang'amba mimba munatuluka mwana. Anali atatha kale kuumbika, ndi kachitamba kake, ndi timakutu, ndi ubweya wofiirira pamutu. Anatsetserekera pachimanga chogonacho ali m'thumba lake. Phokoso linaduka kwa kanthawi. Mayi wina pafupi nane anati, "Mayo ine, inali ndi pakati." Kenako wina anakuwa kuti nyama yanthete ndi imeneyo, ndipo zikwanje zinayambiranso.

Ine ndinapita kumatumbo, komwe kunalibe wolimbirana naye. Ndinabwereka mpeni, ndinang'amba thumbo lalikulu, n'kutapa ndowe ndi manja anga mpaka kachitini kudzaza, zina n'kukulunga m'mpango. Anyamata ena anandiseka. "Amayi awa mutu wawo ukuyenda? Anzawo akutapa nyama, iwo akutapa manyi!" Ndinawauza kuti akafunse amayi awo chimene anatulukira m'chikuta. Nditadzuka ndinaona msilikali wamtali uja atakhala pansi, atatsamira tayala la galimoto. Anandiona, anaona kachitini, n'kuyang'ana kumbali.

Ndinaziyanika padenga la mwana wanga mpaka zitauma gwa. Pobwerera kwathu m'minibasi ndinazifungatira pamiyendo ngati khanda. Ndinali wokondwa, ndisaname. Ndinkati ndapeza zabwino kuposa za atsibweni, zochokera m'kati mwenimweni, zosagwa pansi, zokwanira zidzukulu ndi zidzukulutudzi.

Amayi ndinawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa kanyumba kamene tinamanga madzi ataphwa. Anatsegula kachitini n'kununkhiza.

"Nzou," anatero. "Iyi ndiye nzou. Takhuta, mwananga, zikomo kwambiri. Unakatola kuti?"

Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza, mokometsera monga ndimachitira. Ndinanena za dimba, za waya, za mfuti. Nditafika pa matumbo ndinaona kuti amayi atseka kachitini.

"Unatapa itafa?"

"Eya, m'mimba mwenimweni."

Anakaika pansi, patali ndi mkeka, n'kupukuta manja pachitenje.

"Zofukizira mwana amatola panjira," anatero. "Mwini wake atadutsa, ali moyo, akupita kutsogolo. Za yakufa sizifika pafupi ndi khanda."

Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze zaka zonsezi. Anati iwonso anangouzidwa ndi amayi awo ali mtsikana, ndipo sanaganizepo kuti munthu angakatape m'mimba, poti kale ndani akanayandikira njovu ndi mpeni wakukhitchini? Ndinati nanga njovu ya atsibweni ija, si inadyedwa kalekale ndi asilikali? Anati, "Pamene mlongo wanga ankatola, inali ikuyenda."

Apo ndi pomwe ndinakumbukira milu ija ndinaidumpha panjira. Kutacha ndinakwera minibasi yoyamba kubwerera kwa Maseya. Njira ija inali itapondedwa ndi mudzi wonse, ngolo zitadutsa, mbuzi zitadutsa. Ndinagwada n'kumafukula fumbi ndi zala ngati wamisala. Sindinapeze kanthu. Kudimba kunali kutatsala mafupa akuluakulu ndi agalu.

Nditabwerera kunyumba ndinawauzanso amayi za mwana wa njovu uja, zomwe ndinali nditasiya tsiku loyamba. Iwo anatenga khasu n'kundiuza kuti ndinyamule ndowezo. Tinapita awiriwiri kuseri kwa mudzi, pansi pa mtengo pomwe azimayi amaika mtayo, mwana wobadwa wakufa kale. Kumeneko sikupita mwamuna, dzenje silikhala lakuya, ndipo salira. Amayi anakumba okha ngakhale analibe mphamvu. Anakhuthula kachitini, anakhuthula mpango, anakwirira ndi manja. Pobwerera anatsuka kachitiniko ndi phulusa.

Mwana anabadwa kuchipatala, wamkazi, wonenepa bwino. Analandira katemera, ndipo amagona m'neti imene ndinamugulira ndekha. Za mpanda uja ndinaganizapo zobwererako, koma ndinadziwa yankho lake, ndiponso masiku anali atatha. Amati njovu zikuchuluka mmenemo. Mwina ndi zoona, ndipo zichuluke ndithu. Koma waya umene ndinauona pamwendo uja anautchera ndi munthu wa m'chigwa chomwechino, wanjala ngati ife, ndipo njala sikutha kuno. Madzi akubwera chaka ndi chaka, minda ikukwiririka ndi mchenga, anthu tikuchulukirachulukira. Njovu ikangotuluka kunja kwa mpanda ndi ndiwo. Sindikuona kuti zidzasintha ine ndili moyo.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta amayi anaumirira kuti apite kwa Maseya. Tinawakweza minibasi atanyamula kachitini kawo kopanda kanthu. Atafika anapempha phale ndi makala. Mwana wanga anandiyang'ana, ine n'kumupatsa chizindikiro kuti angowapatsa. Amayi anatsegula kachitini, anakazondotsa pamwamba pa makala, n'kukagogoda ndi chala. Munagwa tizidutswa ta dzimbiri. Utsi sunatuluke. Ananyamula khandalo, analidutsitsa uku ndi uku, n'kulibwezera kwa mayi wake. Milomo yawo sinagwedezeke.

Madzulo ake, tili awiri pakhonde, ndinawafunsa chifukwa chake sananong'one mawu aja. Ndinawapempha kuti andiphunzitse, poti tsiku lina ntchitoyi idzakhala yanga.

"Ndi mawu ochepa," anatero. "Umati, tsatira mwini ndowezi, ukafike kumene wafika iye, ukakalambe monga akalambira iye."

Anayang'ana kukhomo komwe khandalo linkalira.

"Nanga lero ndikanamuuza kuti atsatire ndani?"

Anatenga kachitini kaja n'kundiika m'manja, monga amayi awo anawapatsira iwo. Kanali kopepuka. Ndinakalandira ndi manja awiri.